Mwendo Umodzi M'mwamba

Chaka chimene achemwali anga anaganiza zotumiza mwana wawo wamkazi ku Chipata kuti akalere ana a eni, ine ndi iwo tinakangana mpaka kufika popatsana moni wa pamsewu. Mwanayo anali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ali sitandade faifi. Ine ndinkati ndi mwana, iwo ankati wakula. Nkhaniyi ili ndi chithunzi pakati pake, choncho ndiyambe ndi mmene ife tinkaonera zithunzi.

Kwathu, kumunsi kwa phiri la Kachebere, chithunzi munthu ankachita kuchikonzekera. Wojambula ankabwera pa njinga Lamulungu anthu akutuluka m'tchalitchi, kamera ili lende pakhosi. Wofuna kujambulitsa ankasamba, n'kudzola mafuta mpaka chipumi kunyezimira, nsapato n'kubwereka ngati zake zinali zong'ambika. Ankaima pafupi ndi maluwa a pa tchalitchi, manja ali m'mbali, maso ali tong'o kuyang'ana kamera. Anyamata ankanyamula wailesi ya eni, ena n'kuvala wotchi yakufa kalekale. Kuseka kunalibe, poti mano akaoneka ankati waoneka wopepera. Kadi ikabwera munthu atayang'ana kumbali, kapena mutu utadukako pang'ono, tinkati yapsa, ndipo wojambulayo tsiku limenelo ankachoka pamudzi makutu akulira.

Achemwali sanajambulitseko ali mwana. Amayi ankati adzawajambulitsa tsiku la Ukaristia woyamba, diresi loyera atalibwereka kwa anansi, koma tsikulo silinawapeze. Amayiwo anamwalira dzinja la chaka chimene anthu anavotera boma latsopano la matipate, n'kusiya mlongo wathu ali wakhanda wa miyezi yochepa. Abambo ankagwira ntchito ku minda ya fodya tsidya la Zambia ndipo ankabwera mwa apo ndi apo. Azakhali anali ndi nyumba yodzaza kale. Anayesetsa kutithandiza, koma nawonso manja anali awiri okha. Choncho achemwali, ali ndi zaka khumi ndi chimodzi, anatenga chitenje cha amayi, chija cha nkhanga zoyera pa nsalu yakuda, n'kubereka mwana. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo m'maso mwanga iwo anali munthu wamkulu, wamtali, wodziwa zonse, woopsa akakwiya.

Chaka chomwecho sukulu ya pulayimale inakhala yaulere, ana n'kukhamukirako mpaka ena kumaphunzirira pansi pa mitengo. Achemwali anapita nane masiku oyamba, mwana ali kumsana. Ankakhala kumapeto kwenikweni kuti akalira asasokoneze anzawo. Koma mlongo wathuyo anali ndi mawu, ndipo aphunzitsi, atapirira kangapo, anawauza kuti akasiye mwanayo kwa mayi ake. Achemwali anatola kope lawo n'kundipatsa ine, ndipo kuyambira pamenepo ankangondiperekeza mpaka pa mlatho n'kubwerera.

Pali mwambo wina kwathu umene ndiyenera kuutchula. Mayi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, poopa kudwalitsa a m'nyumba mwake. Amaitana mwana amene sanathe msinkhu kuti adzamuthirire. Amayi oyandikana nafe ankakonda kuitana achemwali, chifukwa ana enawo ankakhala ali kusukulu kapena kosewera, pamene iwo nthawi zonse anali pakhomo. Timangomva mawu kuseri kwa mpanda: "Mwanawe, tabwera udzandithirire mchere!" Achemwali ankasiya mphika wawo pamoto, mwana ali kumsana, n'kuthamangira kukathira mchere m'ndiwo za eni, kenako n'kubwerera kudzapitiriza umayi wawo. Nthawi imeneyo sindinkaona chachilendo chilichonse pamenepa.

Loweruka tinkapita ku boda, pa malire ndi Zambia, kukagulitsa mtedza wophika. Mathiraki ankandandalika m'mbali mwa msewu kudikira mapepala, madalaivala atagona pansi pake pamthunzi, ena akuphika pa timbaula. Azimayi a geni ankadutsa ndi mitolo ya zitenje ndi makatoni a sopo, akulankhula Chinyanja chawo cha tsidya lija, ife n'kumawayeseza akapita. Ntchito yanga inali kukhala pafupi ndi beseni la mtedza n'kumathamangitsa ntchentche ndi ana akuba.

Tsiku lina ana a pa boda anajambula mabokosi pafumbi kuseri kwa thiraki, n'kumasewera phada, yodumpha ndi mwendo umodzi ija, ukukankha kaphale. Basi ya ku Lilongwe itafika onse anabalalika kuthamangira kukagulitsa zawo, mabokosi n'kutsala okha. Achemwali anayang'ana uku ndi uku. Ataona kuti palibe wamkulu amene akuwaona, anamangitsa chitenje pachifuwa, n'kuponya kaphale, n'kuyamba kudumpha, mutu wa mlongo wathu ukugwedezeka kumsana. Ndinali ndisanawaonepo akusewera chimwalirireni amayi, ndipo ndinangoti kukamwa yasa.

Kenako tinamva kaphokoso, khethe. Bambo wina woonda, wa ndevu za imvi, anali atagwada bondo limodzi pafumbi, kamera ili pamaso. Anthu ankati ndi mmodzi wa amene anathawa m'dziko nthawi ya chipani chimodzi, ndipo ankabwerera kwawo, katundu wake akadali m'manja mwa a kasitomu. Achemwali anatsitsa mwendo msangamsanga, nkhope n'kusintha.

"Mwandijambula?" anafunsa. "Ndili chonchi? Osasamba?"

Analira, ndipo kulira kwake kunali kwa mkwiyo. Bamboyo anapepesa, akadali chigwadire, n'kufunsa kumene kunali makolo athu. Mayi wina wogulitsa nthochi pafupi nafe anamuyankha ndi mutu wokha, iye n'kumvetsa. Analonjeza kuti kadiyo akaitsuka adzaitumiza kudzera kwa madalaivala. Tinadikira, ine ndikufunsa dalaivala aliyense wa nkhope yabwino, koma siinabwere. Achemwali anati, "Yapsa imeneyo. Ndi bwino yapsa." Nkhani n'kuthera pomwepo.

Achemwali anakwatiwa ali ndi zaka khumi ndi zisanu, kwa mnyamata wofatsa wonyamula katundu wa anthu a geni pa njinga. Popita ku banja anatitenga tonse awiri, ndipo alamu athuwo sanadandaulepo. Ine ndinapitirira ndi sukulu chifukwa achemwali sankalola kuti ndijombe ngakhale mvula igwe ya matalala. Mpaka ndinafika ku koleji ya uphunzitsi ku Lilongwe. Anthu akamanditama kuti ndine wanzeru ndimavomera, koma ndimadziwa kuti ndinakwera pa msana wa munthu.

Tsopano chaka cha mkangano chija. Mvula inadula msanga, chimanga n'kupserera chisanakhwime, ndipo njinga ya alamu inali yothyokathyoka. Pamenepo mayi wina wa geni wa ku Chipata, amene alamu ankamunyamulira katundu, anaona mwana wa achemwali akutunga madzi, n'kumukonda. Anati amufuna akamuthandize kulera ana ake awiri, azikadya bwino, azikavala bwino, ndipo sukulu azikapita masana. Sanali munthu woipa. Koma ine ndinali nditaona atsikana angapo a kwathu amene anapita ndi lonjezo la sukulu ya masana, n'kubwerako atadziwa kusita ndi kukolopa basi.

Nditapita kumudzi pa tchuthi chapakati pa teremu ndinaiyamba nkhaniyo tikusenda chinangwa.

"Achemwali, mwanayu ndi wamng'ono."

"Wamng'ono pati? Ine pa msinkhu wakewu ndinali ndikulera iwe, mlongo wako ali kumsana. Ndinafa?"

"Simunafe, koma sukulu munasiya."

"Ndinasiya kuti iwe uphunzire, lero uzidzandiphunzitsa kulera mwana wanga. Zikomo aphunzitsi."

Ine mtima wanga ndi wapachala, ndinatengera abambo. Ndinakweza mawu, iwonso n'kukweza awo, mpaka nkhuku zinachoka pakhonde. Mwana amene tinkamukanganirayo anali chapatali akutsuka mbale, akuchita ngati sakumva. Pomaliza achemwali anati, "Sukulu yakupatsa pakamwa. Ikatsekera teremu ino, mwana akupita." Ndinabwerera ku Lilongwe osatsanzika bwino, ndipo mumsewu monse ndinali ndi chisoni chosakanikirana ndi mkwiyo. Ndinkawakonda achemwali kuposa munthu aliyense, ndipo ndinkaona kuti akulakwitsa, koma mawu oti awafike pamtima ndinalibe.

Teremu ili pafupi kutha, aphunzitsi athu a zaluso anatitengera ku holo ina mumzinda kukaona chionetsero cha zithunzi. Ambiri tinapita chifukwa cha ulendo wa basi waulere. Makoma anali oyera, zithunzi zili patalipatali, zonse zopanda mtundu, zakuda ndi zoyera basi, zina zazikulu ngati zenera. Zonse zinali za ana. Aphunzitsiwo, mayi wamfupi wosakonda phokoso, anatiimika pakhomo n'kutilangiza.

"Musathamangire kunena kuti n'chokongola kapena n'chomvetsa chisoni. Yambani mwanena zimene mukuona. Mukatero mudzifunse kuti wojambulayu anaima pati, ndipo n'chiyani chimene anachisiya kunja."

Choyamba chinali cha kamnyamata kovala jekete la munthu wamkulu, manja ake atapindidwa kangapo, katanyamula thireyi ya mazira. Aphunzitsi anatifunsa chifukwa chimene kamnyamatako kankaoneka ngati bwana. Mnzathu wina anati wojambulayo anajambula ali pansi, ndiye ife oonera tikukayang'ana chokweza maso, mmene timayang'anira akuluakulu. China chinali cha manja okhaokha, timanja tating'ono tikukwecha mphika waukulu, mwini wake osaoneka nkhope. Aphunzitsi anatiuza kuti tiyende holo yonse tione ngati tipeze nkhope ya munthu wamkulu. Inalibe. Akuluakulu ankangooneka miyendo, kapena mthunzi, kapena zovala zawo zili pathupi pa ana.

Ine ndinanong'oneza mnzanga kuti kwathu zonsezi n'zakupsa, ndipo wojambula wotere akanabweza ndalama za anthu n'kuthawa njinga ataisiya. Tinaseka mpaka aphunzitsi anatiyang'ana. Ndinkaseka, koma ana onsewo ndinkawadziwa ngakhale ndinali ndisanawaonepo.

Chakumapeto kwa holo anzanga anaunjikana pa chithunzi china chachikulu. Kumbuyo kwake kunali tayala la thiraki, lalitali kuposa kamtsikana kamene kanaima patsogolo pake. Kamtsikanako kanabereka mwana wonenepa, mutu wa mwanayo utapendekera kumbali. Kanaweramitsa nkhope kuyang'ana pansi, mwendo umodzi uli m'mwamba. Aphunzitsi anatiuza kuti tiphimbe theka la pansi ndi dzanja. Tinaona mayi: mfundo ya chitenje yomangidwa bwino pachifuwa, mapewa opindikira kutsogolo chifukwa cha katundu, nkhope ya munthu woganiza za chakudya cha mawa. Kenako anati tiphimbe theka la pamwamba. Tinaona timiyendo tiwiri ta mwana, totuwa, mawondo akuluakulu kuposa ntchafu.

"Nanga mwendowo wakwezedwa chifukwa chiyani?" anafunsa aphunzitsi.

Wina anati walasidwa ndi minga. Wina anati pansi pakutentha ndipo alibe nsapato. Mnyamata wina wokonda mawu akuluakulu anati mwendowo ukusonyeza kuti mtsikanayo ali pakati, sakudziwa ngati aponde ku ubwana kapena ku ukulu. Aphunzitsi sanatsutse aliyense. Anati chithunzi chabwino chimalola maganizo angapo, bola munthu aloze chimene waona.

Ine sindinkamvanso bwino zimene ankanena. Ndinali nditaona nkhanga zoyera pa chitenje, ndi kabowo kumphepete kwake pamene khala la moto linagwera amayi akadali moyo. Pakona ya chithunzicho panali mlomo wa beseni, ndipo pambali pake kamwendo ka mwana wina wokhala pansi, chala chachikulu chitamangidwa kansanza. Pansi pake panangolembedwa kuti Mchinji, ndi chaka.

"Akusewera phada," ndinatero. Mawu anatuluka osakhala anga. "Taonani mizere pafumbipo. Nkhopeyo akuyang'ana kaphale."

Anzanga anasendera pafupi, n'kuiona mizereyo, yosaoneka bwino. Aphunzitsi anandifunsa kuti ndaona bwanji msanga chotero.

"Mwendo uli pakonawo ndi wanga, madamu. Awo ndi achemwali anga."

Chimene chinandiliza si umphawi wathu utapachikidwa pakhoma anthu a nsapato zabwino n'kumauyang'ana, ngakhale zimenezo zinandipweteka pang'ono. Chinandiliza ndi kuchepa kwa achemwali. Zaka zonsezi ndinkakumbukira munthu wamtali amene ndinkamuyang'ana chokweza maso, amene ankatha kunyamula ndowa yodzaza osataya dontho. Koma apa panali kamwana. Khosi lake linali ngati phesi la chimanga, ndipo chitenje cha amayi chinachita kukazungulira kawiri. Ndinaima pamenepo misozi ili chuchuchu, mnzanga atandigwira mkono.

Wojambulayo analipo. Anali atakhala pa mpando pafupi ndi khomo, ndodo ili pakati pa miyendo, ndevu zonse zitayera. Aphunzitsi ananditengera kwa iye n'kumufotokozera. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anagwira dzanja langa ndi manja ake onse awiri.

"Ali moyo?" anafunsa.

"Ali moyo, bambo. Ali pa banja, ali ndi ana."

Anapuma mozama. Anati kadi ija anaitumizadi, koma sanadziwe ngati inafika, ndipo anapepesa kuti sanabwerenso kudzafufuza. Kenako ananena chinthu chimene sindinachiiwale. Anati chithunzi chimenecho anthu amachikonda kuposa zonse, koma iye chimamuvutitsa. "Ndinamuona akuyang'ana uku ndi uku, ndinadziwa kuti akuba kanthawi kosewera. Ndinadikira mpaka atakweza mwendo. Koma nditangodina, anautsitsa, n'kusanduka mayi pomwepo. Ndinamulanda masewero ake, mwana wanga." Anandifunsa ngati anadzaseweranso. Ndinaganiza, ndinaganiza, koma sindinakumbukire tsiku lina lililonse.

Asanatseke chionetserocho ananditumizira chithunzicho ku koleji, chaching'ono poyerekeza ndi cha pakhoma chija, chili m'galasi.

Koleji itatsekera ndinakwera minibasi ya ku Mchinji chithunzicho nditachikulunga m'chitenje, ndili chifungatire pamiyendo. Mumsewu ndinkakonza zokanena. Ndinkati ndikawaphimbitsa achemwali theka la pansi, kenako la pamwamba, monga anatichitira aphunzitsi, ndiye n'kuwalongosolera bwinobwino mpaka agonje. Koma ndinkaopanso. Awa ndi anthu amene analira chifukwa chojambulidwa osasamba, ndipo akanatha kuchiponya m'chimbudzi n'kundifunsa ngati ndapita kusukulu kukaphunzira kuwachititsa manyazi.

Ndinafika dzuwa litapendeka. Achemwali anali pakhonde akuswa mtedza. M'nyumba, kuseri kwa chitseko, ndinaona chikwama cha pulasitiki chitamangidwa kale, pamwamba pake pali masilipasi atsopano a pinki, mphatso yochokera ku Chipata. Mayi wa geni uja ankabwera mawa lake. Tinapatsana moni wathu wozizira uja, ndipo nditamwa madzi ndinamasula chitenje n'kuwapatsira chithunzicho. Mawu onse amene ndinakonza anali atathawa.

Anapukuta manja, n'kuchigwira motalikitsa, maso atatsinzinira pang'ono.

"Aa! Ndani wamujambula mwana wangayu?" anatero. "Liti? Nanga ku boda amakatani osandiuza?"

Ndinatsegula pakamwa, koma iwo anali asanamalize.

"Ndipo ndani anamubereketsa chimwana chonenepa chonchi? Taona khosi lakelo! Amuthyola msana mwana wanga. Anthu ena alibe chisoni, ndithu. Kamwana kotere n'kukasenzetsa mtolo wotere? Mayi wake wa chimwanachi anali kuti?"

Anakwiya zenizeni, mpaka anadzuka kuti akamuitane mwanayo adzalongosole. Sanalakwe kwenikweni. Chipumi chinali chomwecho, makutu omwewo, ngakhale kaimidwe. Munthu amene sanadzionepo ali mwana, pa kadi kapena pa galasi lalikulu, akanaganiza za ndani?

"Achemwali," ndinatero, "taonetsetsani chitenjecho."

Anakhalanso pansi. Anachibweretsa pafupi ndi maso, chala chawo chikuyenda pa galasi, pa nkhanga imodzi, pa inzake, mpaka chinaima pa kabowo kaja. Nkhuku inabwera n'kuyamba kujompha mtedza m'lichero, iwo osaiona.

"Cha amayi," anatero motsitsa.

Nthawi yomweyo mwana uja anatulukira kuchokera ku mjigo, ndowa ili pamutu. Achemwali anamuuza kuti atule, n'kumuimika patsogolo pawo. Anayang'ana chithunzi, n'kuyang'ana mwana, n'kuyang'ananso chithunzi. Anamugwira khosi, n'kumugwira mkono pamwamba pa chigongono, zala zawo n'kukumana. Mwanayo anandiyang'ana ine ndi mantha, akuyesa walakwa kanthu.

"Ndinali chonchi ine?" anandifunsa achemwali.

"Munali choncho."

"Ayi, iwe. Ine ndinali wamkulu."

"Nanenso ndinkayesa choncho, achemwali."

Kenako anati, "Palibe anandiuza." Analira mosakweza mawu, chithunzi chili pamiyendo, ine ndikulira nawo, mwana ali chiimire pakati pathu osadziwa kuti maliro ake ndi a ndani. Sindinawaphimbitse theka lililonse, ndipo za aphunzitsi a zaluso sindinatchule n'komwe. Patapita nthawi anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje n'kuyang'ananso, ndipo mwadzidzidzi anaseka, mphuno zikadali zonyowa.

"Taona mwendowo. Ndinatsala bokosi limodzi kuti ndimalize, mdala uja n'kundisokoneza."

Za ku Chipata sananene kanthu tsiku limenelo, ndipo ine, kamodzi m'moyo wanga, ndinatseka pakamwa. Chikwama chija chinagona pomwe chinali.

Mayi wa geni anafika m'mawa dzuwa litakwera, atakwera njinga ya alamu, mafuta ake onunkhira atatsogola. Achemwali anamuyalira mphasa, n'kumupatsa moni mwaulemu wonse, n'kufunsa za ana ndi za ulendo. Kenako analowa m'nyumba n'kutuluka ndi masilipasi aja, n'kuwaika patsogolo pake ndi manja awiri.

"Pepani amayi, mwayenda ulendo wachabe. Mwanayu sapita."

"Ah ah, manje chavuta n'chani, ba sisi? Tinamvana kudala. Mwana uyu ni mukulu, angakwanise."

"Nanenso ndinkati wakula," anayankha achemwali. "Koma adakali wothira mchere uyu. Ndi amene amatithirira mchere mudzi uno. Akakula adzabwera yekha kudzakuonani."

Mayiyo anadandaula, ndipo anali ndi chifukwa, poti anali atakonza kale zonse kwawo. Anayang'ana alamu kuti amuthandize, koma alamu anali atatanganidwa mwadzidzidzi ndi tcheni cha njinga. Pomaliza anadzuka, n'kukankhira masilipasi aja kwa mwanayo ndi phazi, n'kunena kuti avale, iye sangabwerere nawo.

Chaka chimenecho chinali chowawa, sindinganame. Panali masiku amene pakhomo pankafuka utsi kamodzi kokha, ndipo pakamwa pamodzi pakanachepa zinthu zikanapepukako. Achemwali ankadziwa zimenezo bwino kuposa ine, amene ndinkadya ku koleji. Sanabwererenso pa mawu awo. Sukulu itatsegulira mwanayo analowa sitandade sikisi, atavala masilipasi a pinki, ndipo mayi ake anamuperekeza mpaka pa mlatho.

Chithunzicho sanachipachike pabalaza pamene pali makadi a ubatizo wa ana ndi a ukwati wawo. Anati alendo sangamaone munthu wosasamba. Chili kuchipinda kwawo, pamwamba pa bedi, ndipo amene amaloledwa kuchiona ndi ochepa. Mpaka lero akamachinena sanena kuti "ine". Amati "kamwana kaja". Ndinawapezapo tsiku lina atachitsitsa, akupukuta fumbi pa galasi ndi nsonga ya chitenje, pang'onopang'ono, kuyambira pachipumi kutsikira m'masaya, mmene ankandipukutira ine ndisanapite kusukulu.